Pampu Ikakana Kukoka Madzi, Yambani Mwaona Payipi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

  Lero tikhala limodzi m'mbali mwa madzi.

Tili m'nyengo imene madzi amathawa. Kuchokera mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mitsinje imaphwa tsiku ndi tsiku, zitsime za m'dambo zimatsika, chonsecho tomato, anyezi, kabichi ndi chimanga chachiwisi ndi pamene zikulira ludzu. Nyengo inonso ndi imene mumakumana ndi mlimi pamsewu, pampu ataimanga pakaliyala wa njinga, ulendo wa kwa makaniko. Mukamufunsa, yankho lake ndi limodzi: "Injini ikulira bwinobwino, koma madzi osatuluka." Makaniko amasula, ayang'ana, aitsuka, alandira ndalama yake. Mlimi abwerera kudimba, alumikiza mapayipi monga analumikizira dzulo, ndipo madzi akananso.

Zimandiwawa ndikaona zimenezi, chifukwa tsiku lathunthu lapita, petulo wapita, mbewu zagona ndi ludzu, pamene vuto linatsala kudimba komweko, pa payipi imene anaisiya pansi pa mtengo. Ndiye lero tikambirane za mapayipi awiri a pampu: yokoka madzi ndi yotulutsa madzi. Ndinenetu pachiyambi pomwe kuti nthawi yambiri ndiithera pa payipi yokoka, popeza kumeneko ndiko kumagona mavuto.

Tiyambe ndi funso limene ambiri sitidzifunsa. Kodi madzi amakwera bwanji kuchoka mumtsinje kufika pa pampu imene ili pamtunda?

Kumbukirani muli ana, mukumwa madzi a m'ndowa ndi phesi la tsamba la papaya. Mumakoka mpweya umene uli m'phesimo, madzi n'kukwera mpaka m'kamwa. Koma phesi lija likang'aluka pang'ono chabe pambali, mungakoke mpaka masaya kuwawa, mumangomva mphepo. Pampu nayo imatero. Mkati mwake muli kachitsulo ka mapiko kamene amakaniko amati impeller. Kakamazungulira kamakankhira kunja madzi amene ali m'mimba mwa pampu, ndipo pakati pamatsala mpata. Tsono mpweya umene watizungulirawu, ngakhale sitiumva, ndi wolemera, ndipo umapsinja pamwamba pa madzi a mumtsinje usana ndi usiku. Ukapeza kuti m'payipi muli mpata, umakankhira madzi m'menemo, n'kukwera. Amene amakweza madzi m'payipi yokoka ndi mpweya wakunjawu. Pampu imangoukonzera njira.

Izi zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu ya mpweyawu ili ndi malire. Pamalo otsika ofanana ndi nyanja zikuluzikulu za mchere, mpweya ungakweze madzi mamita 10 ndi kachidutswa, basi, ngakhale pampu itakhala yabwino chotani. Anthu okumba zitsime ku Italy anaona malire amenewa kalekale osadziwa chifukwa chake, mpaka katswiri wina, Evangelista Torricelli, anachifotokoza m'zaka za m'ma 1640. Kudimba kwenikweni, poti payipi nayo imadya mphamvu, malire amagwera pa mamita 7 kapena 8. N'chifukwa chake pa mapampu a petulo ambiri, monga a Honda aja a mainchesi 2 ndi mainchesi 3 ndi ena ofanana nawo amene adzaza m'masitolo, mupeza analemba nambala za m'dera lomwelo.

Komatu nambala imeneyo anailembera malo otsika. Mukamakwera kumtunda mpweya umapepuka, ndipo pa mamita 1,000 aliwonse mumataya mita imodzi ndi kachidutswa. Mlimi wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene dziko ndi lotsika kwambiri, pampu yake ikhoza kufika pafupi ndi zimene analembazo. Wa ku Lilongwe, pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, wataya kale mita yathunthu. Wa ku Dedza, kumene boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, wataya pafupifupi mamita awiri, ndipo injini yakenso imafooka chifukwa mpweya umene ikupuma ndi wopepuka. Ndiye inu a ku Bembeke, a ku Tsangano, a ku Jenda, musadabwe kuti pampu imene mlamu wanu amaitama ku Bangula ikuchita ulesi kwanu. Sanakugulitseni yabodza. Itsitseni pafupi ndi madzi.

Mawu amenewa ndiwabwereze: pampu ikhale pafupi ndi madzi. Pampu yamtunduwu ndi yofooka pokoka, koma ndi yamphamvu pokankha. Ya mainchesi 2 ikhoza kukankha madzi m'mwamba mamita oposa 20. Choncho ngati dimba lanu lili patali ndi mtsinje, musatalikitse payipi yokoka kuti pampu ikhale pafupi ndi mbewu. Talikitsani yotulutsa. Ndipo madzi akamaphwa mu Okutobala, pampu iziwatsatira. Konzani kamalo kosalala m'munsi mwa gombe, poumirapo, muyalepo thabwa kapena njerwa kuti isapendekeke. Mita iliyonse imene mwaitsitsa mudzaiona pa kuchuluka kwa madzi kumapeto kwa payipi.

Chachiwiri ndi chimene chandibweretsa pano lero. Mpweya umene umakankha madzi mumtsinje uja umapsinjanso payipi yonse, paliponse. Ukapeza kabowo, ngakhale kochepa kosaoneka ndi maso, umalowa pomwepo, chifukwa kulowa pakabowo n'kosavuta kusiyana ndi kunyamula madzi mamita asanu. Payipi yotulutsa ikabooka, imakuuzani yokha: madzi amathovoka, pansi pamanyowa, mwana aliyense aloza kuti apa pabooka. Payipi yokoka ikabooka, simuona kanthu. Imadontha cham'kati. Kunja kuli gwa, kouma, inu n'kumati zonse zili bwino, pamene pampu ikumeza mphepo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano tigwire zipangizo m'manja. Payipi yokoka iyenera kukhala yolimba ija, yokhala ndi nthiti zozungulira m'thupi mwake, imene mukaiponda sifwaphala. Payipi yofewa yopindika ngati lamba ija, ya buluu kapena yofiira, ndi yotulutsira basi. Mukaiyika kokoka, mpweya wakunja uifinya nthawi yomweyo n'kutseka njira. Kukula kwake kufanane ndi kamwa la pampu. Pampu ya mainchesi 3 musaiveke payipi yokoka ya mainchesi 2 poti ndi imene ilipo. Muipha ndi njala. Ndipo pogula pampu, funsani msanga ngati payipi yokoka ili pamtengo womwewo, chifukwa kawirikawiri m'katoni mumangokhala pampu, zolumikizira ndi sefa. Ambiri amakazindikira ali kale kumudzi.

Pampu ili ndi makamwa awiri. Lam'munsi, loyang'anizana ndi pakati pa mimba ya pampu, ndi lokoka. Lam'mwamba ndi lotulutsa. Mukasuzumira m'kamwa lam'munsilo muona kamphira kotseka ngati kachitseko. Kameneko kamaletsa madzi a m'mimba kubwerera mumtsinje.

Cholumikizira chili ndi zidutswa zinayi, ndipo ndikufuna muziyale pa thumba patsogolo panu. Pali kachitsulo kapena kapulasitiki kokhala ndi mchira wa mizeramizera, kamene kamalowa m'payipi. Pali nati yaikulu ya makutu imene imamanga kachitsuloko pa kamwa la pampu. Pali clamp, kalamba kachitsulo komanga payipi pa mchira uja. Ndiye pali kamphira kakuda kozungulira, kopyapyala, kamene ena amati washer. Mwa zonsezi, kotchipa kwambiri ndi kamphirako, ndipo ndi kamene kamagonetsa madimba ndi ludzu.

Dongosolo lake ndi ili. Yambani mwalowetsa clamp m'payipi, ikhale yomasuka. Kenaka lowetsani nati ija pa mchira, mazinga ake atayang'ana ku pampu. Apa ambiri amapupuluma: amakankhira mchira m'payipi ndi mphamvu zonse, thukuta kamukamu, n'kuona nati ili pansi ikuwayang'ana. Poti natiyo imalowera kumchira, ndiye kuti ayambirenso kuzula. Nati ikalowa, ndi pamene mukankhire mchira m'payipi mpaka mizera yonse ibisike. Payipi yatsopano imauma mutu. Musaiwotche pamoto, imapindika n'kuchita timing'alu. Wiritsani madzi m'kapoto, muviike kumapeto kwa payipi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ifewa yokha. Pakani thovu la sopo pa mchira kuti uterere. Girisi kapena oilo ayi, chifukwa sopo amauma n'kugwira, pamene oilo amaterera mpaka kalekale ndipo amawononga mphira.

Clamp ikhale pamwamba pa mizera ya mchira, chala chimodzi kuchokera kumapeto kwa payipi, osati pamlomo penipeni. Mangani zolimba. Ngati muli ndi ma clamp awiri, ikani onse, zomangira zake zitayang'ana mbali zosiyana, kuti pamene wina wasiya mpata mnzake atsekepo. Payipi ya nthiti ija ndi yovuta pamenepa, chifukwa nthiti zake zimakana kufinyika, ndipo mpweya umatha kuyenda motsatira nthitizo mpaka kulowa. Pampu ikagwira ntchito tsiku loyamba, bwererani ndi sipanala mukamangenso, poti payipi imakhala yakhazikika ndipo clamp yamasuka pang'ono.

Nanga malegeni? Ndikudziwa kuti palibe dimba lopanda malegeni, ndipo sindingawanyoze, apulumutsa mbewu zambiri. Mphira wa chubu mukamukulunga bwino, mokoka, pamwamba pa mfundo imene yamangidwa kale ndi clamp, amathandiza kutseka mpweya. Koma malegeni okha popanda clamp, kapena waya wopotokola ndi pulayala, sizikhalitsa. Dzuwa limadya mphira, waya amadula payipi, ndipo injini ikamanjenjemera mfundo imamasuka pang'onopang'ono inu osadziwa. Malegeni akhale okuthandizani kumaliza tsiku, ndipo tsiku la msika mukagule clamp.

Tifike pa kamphira kaja. Kamakhala mkati mwa nati, pakati pa nkhope ya cholumikizira ndi mlomo wa pampu. Musanakaike, kapukuteni, mupukutenso mlomo wa pampu, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakatsalira pamenepo kamasiya njira ya mpweya. Kayang'aneni padzuwa, mukapinde pang'ono: ngati kali ndi ming'alu, kapena kauma gwa, kapena kafwaphala mbali imodzi, katayeni. Ndimaona anthu akukulunga thread tape yambirimbiri pa mazinga a pampu poganiza kuti atseka mpweya. Pa mfundo yamtunduwu mazinga ntchito yake ndi kukoka basi. Chotseka ndi kamphirako. Popanda iko, ngakhale mutamaliza mpukutu wonse wa tepi, mpweya ulowabe. Mukasowa kogula, dulani kena pa chubu chokhuthala cha galimoto, mozungulira bwino, bowo lake lifanane ndi kamwa la pampu kuti lisatchinge madzi.

Pomanga nati, yambani ndi dzanja, modekha. Kamwa la mapampu ambiriwa ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo nati ikalowa mopingasa inu n'kuikakamiza, mazinga amadyeka, ndipo pamenepo mwalowa m'mavuto a ndalama zenizeni. Ikamalimba isanazungulire kawiri, bwezani, muyambenso. Wina akugwirireni payipi kuti ikhale yowongoka pamene mukumanga. Ikafika, ilimbitseni ndi dzanja mpaka kamphira kafinyike. Hamala isayandikire.

Inu a m'makalabu amene mumabwerekana pampu imodzi, apa mundimvetsetse. Pampu ikamachoka kwa mayi uyu kupita kwa bambo uyo, pomasula payipi kamphira kaja kamagwera mu udzu, ndipo palibe amene amaona. Wolandira alumikiza, madzi akana, ndiye mkangano wayamba: "Mwaipha pampu ndinu." Anthu osayankhulana sabata yathunthu, mwina mpaka nkhani kukafika kwa amfumu. Msungichuma wa kalabu agule timphira tingapo, atiike m'kachitini, kachitiniko akamangirire pa chitsulo cha pampu. Ndipo amene akupereka pampu ndi amene akulandira aziyang'ana limodzi kuti timphira tonse tiwiri tilipo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tatha kumtunda, tiyeni kumadzi. Kumapeto kwa payipi yokoka kumakhala sefa, ndipo imamangidwa ndi clamp chimodzimodzi. Musayerekeze kupopa popanda sefa, ngakhale madzi ataoneka oyera. Kamwala kamodzi kakalowa kakhoza kuthyola mapiko a impeller. Masamba, ndere, achule, ndipo kwa inu a m'mbali mwa Shire namasupuni, zonsezi zimathamangira pamene madzi akukokedwa.

Sefa imire bwino, masentimita 30 kapena kuposa pansi pa madzi. Ikakhala pamwamba kwambiri, muona madzi akuchita kamzungulire pamwamba pake, ndipo kamzungulire kameneko kamatsitsira mpweya m'payipi. Komanso isagone pansi pamatope kapena pamchenga. Mchenga supha pampu tsiku limodzi. Umaipala mkati mwakachetechete, mwezi ndi mwezi, mpaka mudzaone kuti pampu imene inkadzaza ngalande tsopano ikungotulutsa theka. Njira ndi zosavuta. Tengani dengu lakale kapena ndowa, muikemo miyala iwiri itatu kuti imire, sefa ikhale m'menemo. Pamene madzi ndi akuya, mangirirani chigubu chopanda kanthu chotseka bwino pafupi ndi sefa, kuti ilendewere pakati, osafika pansi, osatulukira pamwamba. Pamene madzi ndi osaya, kumbani kadzenje m'mbali mwa mtsinje kuti madzi azisonkhanamo.

Ena amaika foot valve pamodzi ndi sefa. Ndi kachitseko kolola madzi kulowa koma osabwerera, kotero payipi imakhala yodzaza ngakhale mutazimitsa injini. Ngati madzi anu ali pansi kwambiri, mamita anayi kapena asanu, ndikulangizani muigule, chifukwa pampu imayamba kutulutsa msanga osawononga petulo pokoka mphepo. Pa mazinga a foot valve ndi pamene thread tape ija imagwira ntchito yake. Ingokumbukirani kuti kachitsotso kakatsamira pakachitsekoko, madzi amabwerera usiku, ndiye muziitsuka.

Payipi yokoka iyende mokwera kuchokera m'madzi mpaka pa pampu, osachita linunda panjira. Ikadutsa pamwamba pa chitsa kapena pa mtumbira n'kukwera kuposa kamwa la pampu kenaka n'kutsika, mpweya umakaunjikana pa linundapo, ndipo madzi amadutsa movutikira kapena kuduka kumene. Isapindike mwamphamvu pafupi ndi pampu. Ndipo ganizirani kulemera kwake. Payipi ya mainchesi 2 imasunga malita pafupifupi 2 pa mita iliyonse. Ya mainchesi 3 imasunga malita oposa 4. Ndiye payipi ya mainchesi 3 yotalika mamita 6 ikadzaza, muli madzi oposa ndowa ya malita 20, kuwonjezapo kulemera kwa payipiyo. Katundu yenseyo akamalendewera pa kamwa la pampu, amapendeketsa cholumikizira, kamphira kamatseguka m'mwamba, ndipo nthawi zina pampu yeniyeniyo imagwera m'madzi. Khomani mphanda, kapena ikani thumba la mchenga pansi pa payipi pafupi ndi pampu, kuti kulemera kugwere pamenepo.

Payipi yotulutsa siivuta, ndipo sinditayapo nthawi yambiri. Kalumikizidwe ndi komweko: clamp, nati, mchira, kamphira. Kuno mphamvu ikukankhira kunja, choncho clamp ikakhala yomasuka payipi imavuka n'kukusambitsani, injini n'kunyowa. Itambasuleni yonse musanalize injini, muchotse mopotoka ndi mopindika monse, poti pamene yapindika ndi pamene imaphulikira. Pochoka pa pampu ipatseni mpata ikhote pang'onopang'ono, isathyoke pamlomo.

Chimodzi chokha ndichedwepo. Madzi akamayenda m'payipi amakhulana ndi khoma lake, ndipo payipi ikachepa kukhulanako kumakula modabwitsa. Madzi omwewo mukawadutsitsa m'payipi ya mainchesi 2 m'malo mwa ya mainchesi 3, mphamvu imene imatayika panjira imachuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri. Pampu ya mainchesi 2 imene analemba kuti imatulutsa malita pafupifupi 600 pa mphindi, nambalayo ndi ya pamlomo pake, popanda chitunda, popanda payipi yaitali. Mukailumikiza ku payipi yopyapyala ya mamita 100 yokwera mtunda, musayembekezere zimenezo. Ngati dimba lili kutali, payipi yotulutsa ikhale yofanana ndi kamwa la pampu kapena yokulirapo. Ndalama imene mwapulumutsa pogula yaing'ono mudzaibweza pa petulo nyengo isanathe.

Payipi ikadutsa panjira ya ngolo kapena galimoto, ikwirireni kapena muike matabwa mbali zonse ziwiri. Tayala likaiponda madzi akuthamanga, madziwo amaima mwadzidzidzi ndipo mphamvu yake imabwerera kukamenya pampu, mpaka mimba yake kung'aluka. N'chimodzimodzinso kutseka valavu mofulumira. Kumapeto kumene madzi akugwera, yalani thumba kapena miyala kuti asakokolole nthaka ya m'mabedi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Zonse zalumikizidwa. Dzanja lisathamangire chingwe cholizira injini. Pamwamba pa pampu pali chitsekerero. Tsegulani, muthiremo madzi oyera mpaka asefukire. Ngati muli ndi foot valve, payipi yokoka muidzaze payokha mutaimasula pa pampu, kenaka muilumikizenso, poti kachitseko ka m'kamwa lam'munsi kaja sikalola madzi a m'mimba kutsikira m'payipi. Tsekani zolimba, ndipo onani kuti kamphira ka chitsekererocho kalipo, chifukwa mpweya umaloweranso pamenepo, ngakhalenso pa kachitsekerero kam'munsi kokhuthulira madzi. Pampu isalire youma ngakhale kwa kanthawi kochepa. Kuseri kwa impeller kuli seal imene imaletsa madzi kupita ku injini, ndipo imazizira ndi madzi omwewo. Ikazungulira youma imatentha n'kuwonongeka. Mukadzaona madzi akudontha pakati pa pampu ndi injini, dziwani kuti seal yapita. Ndipo mukazindikira kuti mwaliza pampu youma, zimitsani, muidikire izizire musanathiremo madzi, chifukwa madzi ozizira pa seal yotentha amaing'alula.

Kumapeto kwa payipi yotulutsa kukhale kotsegula kuti mpweya upeze potulukira. Onani oilo, onani petulo, lizani. Kwezani moto kuti ikoke. Ikani dzanja pa payipi yokoka: muimva ikulemera, ikuzizira, ikugunda pamene madzi akukwera. Ngati payipi yanu ndi yoonekera mkati, muwaona ndi maso. Madzi akafika, liwu la injini limasintha, limakhala la chinthu chimene chasenza katundu, ndipo payipi yotulutsa imafufuma kuyambira pa pampu kumka kudimba.

Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi madzi osabwera, zimitsani. Kulimbikira kumangotenthetsa madzi a m'mimba mwa pampu. Yambani kufufuza kuchokera kumadzi kubwera kumtunda. Sefa yamira? Yatsekeka? Clamp ya pa sefa ili pansi pa madzi kapena yatulukira? Yendani ndi dzanja payipi yonse, makamaka mopindika ndi mmene imakhulana ndi miyala. Kenaka kamphira. Pali njira imodzi yogwirira kabowo kobisika: thiraninso madzi m'pampu, lizani, ndipo wina azithira madzi pang'onopang'ono pa mfundo iliyonse ya mbali yokoka. Pamene madziwo atseka kabowo kwa kamphindi, mumva liwu la pampu likusintha, mwina madzi n'kuyamba kukwera. Thovu la sopo nalonso limathandiza: pamene pali bowo, thovulo limamwedwa, mukuona. Ngati muli ndi foot valve n'kosavuta koposa: dzazani payipi injini ili chete, muone pamene pakuchucha.

Payipi yokalamba ili ndi chinyengo china. Kunja ikhoza kuoneka yabwino, koma khungu lake lam'kati linasupuka, ndipo pampu ikayamba kukoka khungulo limafwaphala n'kutseka njira. Imasuleni, muiwongole, musuzumiremo moyang'ana kudzuwa.

Madzi akamatuluka modukizadukiza, molavula, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake kapena sefa ikutulukira. Koma mukamva m'pampu mukulira ngati muli timiyala, chonsecho sefa ili bwino, pampuyo ikukoka mopitirira mphamvu yake: mwina yatalikira madzi, mwina payipi yachepa, mwina sefa yatsekeka theka. Zikatero m'madzimo mumabadwa timathovu timene timaphulikira pa mapiko a impeller n'kumawakumba. Tsitsani moto, ndipo musendeze pampu kufupi ndi madzi.

Inu amene muli ndi mapampu opalasa ndi miyendo, aja anafala m'zaka za m'ma 2000 boma ndi mabungwe atawagawa m'midzi, kapena a MoneyMaker, lamulo ndi lomweli, ndipo inu mumalimva m'miyendo: mpweya ukamalowa, mumapalasa mopepuka koma madzi osaoneka. Mapampu a sola okhala pamtunda nawonso chimodzimodzi. Okhawo omira m'madzi ndi amene alibe payipi yokoka.

Ndanena kuti pampu itsatire madzi, koma pali malire amene sindifuna muwadumphe. Pampu ya petulo kapena dizilo isalowe m'chitsime kapena m'dzenje lakuya, inu n'kutsikiramo. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umadzaza m'dzenjemo, ndipo munthu amangofooka n'kugwa asanaganize zothawa. Wobwera kudzamupulumutsa amagweranso momwemo. Chitsime chikatsika kuposa mphamvu ya pampu, njira ndi pampu yomira m'madzi. Inu a ku Shire ndi kunyanja, poika sefa gwiritsani ntchito nsungwi yaitali m'malo molowa m'madzi, makamaka m'mamawa ndi madzulo pamene ng'ona zimayandikira gombe. M'madzi odikha a m'madambo muli nkhono za likodzo, ndiye majombo akhale kumapazi. Petulo muzithira injini itazima ndipo itazizira.

Mukamaliza kuthirira, tsitsani moto kaye musanazimitse. Ngati madzi anali amatope, tsegulani kachitsekerero kam'munsi, mukhuthule, mutsukuluze ndi madzi oyera, chifukwa matope akaumira mkati amagwira impeller. Pomasula mapayipi, dzanja limodzi likhale pansi pa nati kuti liwakhe kamphira. Payipi yokoka musaikhwekhwereze pamiyala, ndipo poisunga muipinde mozungulira mokulira, kapena igone yowongoka pamthunzi. Dzuwa limaiumitsa mpaka kuyamba kuthetheka. Yotulutsa muikhuthule madzi onse poikweza kuyambira mbali imodzi, iume, muikulunge, muipachike pamwamba pamene makoswe safika, poti akaipeza pansi m'nyengo ya dzinja, chaka chamawa mudzaitambasula ili mabowo okhaokha. Makamwa awiri a pampu muwatseke ndi kansalu kuti mavu ndi abuluzi asamangemo.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Thirirani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)